Zakeyo ndi Udindo Wobweza za Eni Ake

Lamulungu la 31 pa Chaka, m'Chaka C, Mpingo umawerenga nkhani ya Zakeyo mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, mutu 19, ndime 1 mpaka 10. Ana ophunzira katekisimu amaikonda nkhaniyi chifukwa muli bambo wamfupi amene adakwera mumtengo. Akuluakulu ambiri nawonso amaikumbukira mpaka pamtengo pomwepo. Komatu mtengowo uli pa ndime 4, pamene mtima wa nkhani uli pa ndime 8, pomwe Zakeyo akuimirira ndi kuyamba kulankhula za ndalama zake. Ambuye Yesu adalengeza kuti chipulumutso chafika panyumbapo atamva mawu amenewo. Phunziro la sabata ino lagona pamenepa: munthu akakumana ndi Khristu moona, kutembenuka mtima kwake kumafika mpaka m'thumba, ndipo za eni ake zimene adatenga zimabwerera kwa eni ake.

Yeriko ndi ntchito ya Zakeyo

Yeriko ndi umodzi mwa mizinda yakale kwambiri pa dziko lapansi. Uli m'chigwa chotentha cha mtsinje wa Yordani, malo otsika kwambiri, pafupifupi mamita 250 pansi pa mulingo wa nyanja. Kuchoka pamenepo kupita ku Yerusalemu ndi ulendo wa chitunda chokhachokha, wosakwana makilomita 30. Chifukwa cha akasupe ake, mzindawu udali ndi minda ya kanjedza ndi mitengo yotulutsa mafuta onunkhira odula kwambiri. Mfumu Herode adamangako nyumba zachifumu zokhalamo nyengo yozizira. Amalonda ndi apaulendo ochokera kutsidya kwa Yordani ankadzera pamenepo popita ku Yerusalemu. Paliponse podutsa katundu wambiri pamakhalanso msonkho wambiri.

Aroma, amene ankalamulira dziko la Yudeya nthawi imeneyo, sankatolera okha misonkho ya pamsewu ndi ya katundu. Ntchitoyo ankaigulitsa kwa munthu wa m'dziko momwemo amene walonjeza kupereka ndalama zochuluka koposa anzake. Munthuyo ankalemba antchito ake ndi kuwaika m'zipata ndi m'misewu. Akakwanitsa ndalama zimene adalonjeza kuboma, zonse zapamwamba zinkakhala zake. Mlimi wobwera ndi bulu wosenza zipatso sankadziwa bwino mtengo weniweni wa msonkho, ndipo adalibe koti nkukadandaula. N'chifukwa chake okhometsa msonkho atafunsa Yohane Mbatizi zoti achite, iye adawalangiza kuti asamalipiritse anthu mopitirira zimene zidalamulidwa (Luka 3:12-13). Yohane ankadziwa tchimo la ntchito yawo.

Zakeyo adali mkulu wa anthu amenewa ku Yeriko, ndipo Luka akuwonjezera kuti adali wolemera. Anthu ankadana naye pa zifukwa ziwiri: ankawadyera masuku pamutu, komanso ankagwirira ntchito atsamunda achikunja. Dzina lake limachokera ku liwu la Chihebri lotanthauza munthu woyera mtima, wopanda mlandu. Makolo ake adamutcha dzina labwino, koma mzinda wonse unkamudziwa ndi dzina lina, loti wochimwa.

Adayamba kufunafuna ndani?

Nkhani ya Zakeyo imamveka bwino ikawerengedwa pamodzi ndi mutu 18. M'mutu umenewo mkulu wina wolemera, wosunga malamulo kuyambira ubwana wake, adafunsa Yesu za moyo wosatha. Atauzidwa kuti agulitse zake zonse ndi kugawira osauka, adagwidwa ndi chisoni chifukwa chuma chake chidali chambiri. Yesu adayerekeza kulowa kwa munthu wolemera mu Ufumu wa Mulungu ndi ngamira yofuna kupyola pa diso la singano. Omvera atadabwa kuti nanga angapulumuke ndani, Iye adawatsimikizira kuti zokanika kwa anthu zimatheka ndi Mulungu (Luka 18:18-27). Patangopita ndime zowerengeka, Luka akuonetsa zokanikazo zikutheka ku Yeriko. Wolemera wolemekezeka uja adalephera, koma wolemera wonyozekayu adapyola.

Zakeyo ankafuna kuona kuti Yesu ndi ndani, koma khamu lidamutchinga chifukwa adali wamfupi. Adathamangira kutsogolo nakwera mu mkuyu, mtundu womwewo wa mtengo umene umamera m'mbali mwa mitsinje ya ku Malawi, wa nthambi zoyambira m'munsi ndi zotambalala. Bambo waudindo, wovala mkanjo wodula, sathamanga pamsewu ndipo sakwera mumtengo ngati mwana wothyola nkhuyu. Zakeyo adalolera kusekedwa. Chuma chidali chitamupatsa zambiri, koma chidalephera kumupatsa chimene ankachifuna tsiku limenelo.

Yesu atafika pamalopo adayang'ana m'mwamba, namutchula dzina, namuuza kuti atsike msanga chifukwa ayenera kukakhala kunyumba kwake tsiku lomwelo. Sadayambe wamufunsa za mabuku a msonkho, sadamuikirenso lamulo loti ayambe wakonza moyo wake. Adalowa m'nyumba imene anthu opembedza a ku Yeriko sankapondamo. Pamapeto pa nkhaniyi Yesu akufotokoza kuti Mwana wa Munthu adabwera kudzafunafuna ndi kudzapulumutsa otayika. Zakeyo ankaganiza kuti ndiye akufunafuna Yesu, pamene Yesu ndiye adayamba kumufunafuna.

Kuwerenga koyamba kwa Lamulungu lomweli, kochokera m'Buku la Luntha (11:22-12:2), kukunena zomwezo: Mulungu amachitira chifundo anthu onse, sanyansidwa ndi chilichonse chimene adalenga, ndipo amadzudzula olakwa pang'onopang'ono kuti aleke zoipa. Ndondomeko imeneyi ndi yofunika kuigwiritsa. Zakeyo sadagule chikhululukiro ndi ndalama zake. Chaulere cha Mulungu ndicho chidayamba, ndipo kubweza kudatsatira monga chipatso chake. Koma chipatsocho chidaoneka ndithu, ndipo chidaoneka tsiku lomwelo.

Theka ndi kanayi

Zakeyo adalonjeza zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba, kupereka theka la chuma chake kwa osauka. Chachiwiri, kubwezera kanayi aliyense amene adamulanda kanthu monyenga. Choyambacho ndi ntchito ya chifundo, chachiwiricho ndi ntchito ya chilungamo. Zakeyo sadasokoneze ziwirizi. Sadaganize kuti kuthandiza osauka kungafafanize ngongole yake kwa mlimi wa bulu uja.

Malamulo a Mose adali atanena kale za kubweza. Pa Levitiko 6:1-5 ndi pa Numeri 5:5-7, munthu amene wanyenga mnzake pa katundu wosungitsa, wamulanda, kapena watola chinthu chotayika nakana, ndipo pambuyo pake wavomera yekha kulakwa kwake, ankayenera kubweza chinthu chonsecho ndi kuwonjezapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Kunena kwake, wolanda K100,000 ankabweza K120,000. Kubwezako kunkayendera limodzi ndi nsembe yopepesera Mulungu, ndipo nsembeyo sinkalowa m'malo mwa kubweza. Chilango cha kanayi chidali cha mbala yeniyeni, yoba nkhosa ndi kuipha kapena kuigulitsa (Eksodo 22:1, m'mabuku ena 21:37). Ndi chiweruzo chomwecho chimene Mfumu Davide adagamula mneneri Natani atamusimbira za munthu wolemera amene adalanda kamwana kankhosa ka mmphawi (2 Samuele 12:6), asanazindikire kuti akudziweruza yekha.

Popeza Zakeyo adadziulula yekha, lamulo likadamulola kungowonjeza gawo limodzi mwa asanu. Iye adadziika pa mlingo wa mbala yogwidwa. Sadafune mawu ofewa otchulira tchimo lake, monga kunena kuti ndi mmene ntchitoyo imayendera, kapena kuti aliyense amatero.

Masamu ake ndi ochititsa chidwi. Munthu wokhala ndi K800,000 akapereka theka kwa osauka amatsala ndi K400,000. Ngati mwa chuma chakecho K100,000 yokha idabwera monyenga, kubweza kanayi kumatha ndalama zonse zotsalazo. Kutanthauza kuti ngati gawo limodzi lokha mwa magawo 8 a chuma cha Zakeyo lidali lolanda, bamboyu adatsala wopanda kanthu. Luka sakunena kuti adatsala ndi zingati. Chimene akunena ndi chakuti Zakeyo adalandira Yesu mokondwa, pamene mkulu wolemera wa m'mutu 18 adasunga zake zonse koma ndi mtima wachisoni.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene adakhazikitsidwa ndi Papa John Paul II m'chaka cha 1992, amatchula Zakeyo pa nambala 2412, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chiwiri loletsa kuba. Chiphunzitso chake ndi chakuti chilungamo chimafuna kuti chinthu chobedwa chibwezedwe kwa mwini wake. Ngati chinthucho chidatha kapena chidagulitsidwa, pabwezedwe china chofanana nacho kapena ndalama zolingana ndi mtengo wake, pamodzi ndi phindu limene mwini wakeyo akadapeza. Udindowu suli pa wakuba yekha. Ulinso pa amene adalamula, amene adathandiza, ndi amene adalandira kapena kusunga zobedwazo akudziwa, aliyense molingana ndi gawo lake.

Pa nambala 1459, pofotokoza Sakramenti la Kulapa, Katekisimu akukumbutsa kuti machimo ambiri amavulaza anzathu a pa dziko, motero wolapa ayenera kuchita zonse zotheka kuti akonze zimene adawononga: kubweza zobedwa, kuyeretsa mbiri ya munthu amene adamunamizira, ndi kulipira amene adamupweteka. Kukhululukidwa kumene wansembe amapereka m'dzina la Khristu kumachotsa tchimo, koma sikubweza ndalama m'thumba la wolandidwa. Akuluakulu adati pepani sapoletsa chilonda.

Chiphunzitsochi ndi chakale. Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene adamwalira m'chaka cha 430, adalembera kalata mkulu wina wa boma dzina lake Macedonius. M'kalatamo adafotokoza kuti munthu amene angathe kubweza chimene adatenga koma osabweza, sakulapa koma akungonamizira kulapa. Ambuye Yesu mwini adaphunzitsa kuti wobwera ndi chopereka ku guwa, akakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, asiye choperekacho pomwepo, ayambe wakayanjana ndi mbaleyo (Mateyo 5:23-24).

Pano pali chenjezo kwa akhristu owolowa manja. Mtulo, masika ndi zopereka za chitukuko cha parishi ndi zinthu zabwino, koma sizingatsuke ndalama za mwini. Munthu amene sadalipire mmisiri womumangira nyumba, nkudzapereka matumba a simenti ku tchalitchi, wapereka simenti ya mmisiriyo. Dzina lake likhoza kuwerengedwa pa zolengeza, anthu nkuwomba m'manja, koma ngongole ili pomwepo.

Za eni zimene zimagona m'nyumba za akhristu a m'tauni

Akhristu ambiri akamva za kuba amaganiza za wothyola nyumba usiku kapena wopisa m'thumba pa depoti, ndipo mtima umakhala m'malo poti iwo sadachitepo zimenezo. Zakeyo nayenso sadathyolepo nyumba ya munthu. Ankaba atakhala pampando, masana, ndi zolembera m'manja. Katekisimu, pa nambala 2409, amatchula njira zina zotengera za eni zimene anthu ambiri saziwerengera: kusunga dala chinthu chobwereka kapena chotola, chinyengo pa malonda, malipiro osalungama, kukweza mitengo popezerapo mwayi pa umbuli kapena mavuto a wina, ziphuphu, kugwiritsa ntchito katundu wa kuntchito pa zofuna zako, kugwira ntchito mwaulesi, kuzemba msonkho, ndi kulemba malisiti abodza.

M'moyo wa m'tauni zimenezi zili ndi nkhope zodziwika. Pali wantchito wapakhomo kapena mlonda amene mwezi ukatha amauzidwa kuti adikire, pamene pakhomopo pagulidwa foni yatsopano. Pali waganyu amene adagwirizana mtengo wina nkulandira wina ntchito itatha. Malembo Oyera sachita nthabwala pa nkhani imeneyi. Deuteronomo 24:14-15 amalamula kuti waganyu wosauka alipidwe dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobe 5:4 amachenjeza kuti malipiro omanidwa amafuula mpaka kumveka kwa Ambuye.

Pamsika pali sikelo yosinthidwa ndi chidebe chophwanyidwa kunsi kuti chilowe chimanga chochepa, zimene Levitiko 19:35-36 adaletsa kalekale. Mu ofesi muli ndalama za msonkhano umene munthu sadapiteko, mafuta a galimoto ya kuntchito othera ku munda, ndi fayilo ya munthu wosauka imene siyenda mpaka patuluke kangachepe. M'madera muli ngongole za banki m'khonde zimene wokongola adasamuka nazo, katapila womeza katundu wa m'nyumba ya mnzake, ndi puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri. Pa foni pamafika ndalama zimene wina watumiza molakwitsa nambala, wolandira nkuthamangira kukazitapa kenaka nkuzimitsa foniyo. M'mabanja muli nyumba ndi katundu wa malemu zimene achibale adagawana maliro asanathe, mayi wamasiye ndi ana nkutsala pamtetete. Ngakhale mu Mpingo momwe, ndalama za mphakati, za kwaya kapena za chipepeso nthawi zina zimabwerekedwa ndi msungichuma popanda wodziwa.

Palinso chuma china chosagwirika ndi manja: mbiri ya munthu. Katekisimu, pa nambala 2487, amati wonamizira mnzake ali ndi udindo wokonza, ngakhale atakhululukidwa kale. Uthenga wabodza wotumizidwa pa gulu la WhatsApp ukhoza kuthetsa banja kapena ntchito ya munthu. Kuufufuta mwakachetechete sikukwanira. Amene adamva bodzalo ayenera kumvanso kuti lidali bodza, kuchokera kwa yemwe adalifalitsa.

Ambiri mwa machimowa ndi akale, ndipo mtima umanyengerera munthu kuti zidapita. Koma mlandu suwola. Mkhristu wina amadabwa kuti amapemphera, amalandira Ukaristia, amapita ku mphakati, koma moyo wake wauzimu sukula ndipo pemphero lake ndi louma. Zifukwa za kuuma kotere zimakhala zosiyanasiyana, koma chimodzi choyenera kuchifufuza ndi ichi: kodi m'nyumbamo mulibe cha mwini? Chikumbumtima chimene chatsekedwa pakamwa pa nkhani imodzi chimavutika kulankhula pa nkhani zina.

Kubweza kumatheka bwanji?

Mantha ndi manyazi ndizo zimalepheretsa ambiri. Mpingo, pa zaka zambiri zoperekeza olapa, udapeza njira zothandiza.

Poyamba, munthu akhale pansi pamaso pa Mulungu ndi pepala, alembe mayina ndi ndalama zake. Kunena kuti mwina ndidalakwira anthu ena sikufikitsa munthu patali. Chofunika ndi dzina, chinthu, ndi mtengo wake. Pepalalo ndi la iye yekha, ndipo akamaliza nalo aling'ambe.

Chachiwiri, apite nazo ku Sakramenti la Kulapa ndipo azitchule momveka. Wansembe ndi womangidwa ndi chinsinsi cha sakramentili. Malamulo a Mpingo, pa nambala 983, amamuletsa kuulula zimene wamva, pa chifukwa china chilichonse. Kumeneko wolapa angafunse malangizo a mmene angabwezere mwanzeru.

Chachitatu, chinthu chibwerere kwa mwini wake weniweni. Ngati mwiniyo adamwalira, chipite kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, kapena ena oyenera kulandira chuma chake. Pokhapokha mwini wake ndi abale ake atafunidwa moona mtima osapezeka, ndi pamene mtengo wake ungaperekedwe kwa osauka. Wamalonda amene adanyenga ogula ambirimbiri osadziwika mayina angabweze powonjezera muyeso kapena kutsitsa mtengo kwa nthawi, pamalo pomwe ankanyengerapo.

Chachinayi, kubweza sikufuna kuti munthu adziulule pagulu. Zakeyo adalankhula poyera chifukwa tchimo lake lidali lodziwika ndi mzinda wonse. Tchimo lobisika lingakonzedwe mobisika: kudzera mwa munthu wokhulupirika, kapena m'njira ina yoti mwini wake alandire chake popanda kudziwa kumene chachokera. Chofunika ndi chakuti chifike.

Chachisanu, wosatha kubweza zonse nthawi imodzi abweze pang'onopang'ono. K5,000 pa mwezi, yoperekedwa mokhulupirika, imaposa lonjezo la K500,000 loyembekezera tsiku limene zinthu zidzayende bwino. Amene alibiretu kanthu, moti kubweza kungagonetse ana ake ndi njala, sakanizidwa chifundo cha Mulungu. Udindo wake umadikira mpaka atapeza mphamvu, malinga mtima wofuna kubweza ukhale woona. Pakadali pano angathe kupempherera amene adamulakwira, kumuthandiza ndi ntchito ya manja, kapena kukamupempha kuti amuleze mtima. Mwini chinthu ali ndi ufulu wokhululukira ngongole, koma wokongola sangadzikhululukire yekha.

Mpingo sulamula kubweza kanayi. Chilungamo chimafuna chinthucho ndi zimene mwini wake adataya chifukwa chosowa chinthucho. Zopitirira apo ndi za chikondi, ndipo muyeso wake aliyense amaupeza m'pemphero.

Khamu long'ung'udza

M'nkhaniyi mulinso anthu ena. Luka akuti onse amene adaona Yesu akulowa kwa Zakeyo adang'ung'udza. Dandaulo lawo lidali lomveka, chifukwa ambiri mwa iwo adalandidwapo ndi antchito a bamboyu. Koma khamu lomweli ndi limene lidamutchinga kuti asaone Yesu, ndipo likadakhala ndi mphamvu likadamutsekera kunja mpaka kalekale. Chodabwitsa n'chakuti ong'ung'udzawo ndiwo adapindula. Mlendo amene ankamudandaula uja ndiye adachititsa kuti ndalama zawo zibwerere, ndi zowonjezera pamwamba. Kunyoza kwa zaka zambiri sikudatulutse ngakhale khobidi limodzi m'thumba la Zakeyo, koma chifundo cha tsiku limodzi chidamasula thumba lonse.

Parishi iliyonse ili ndi anthu amene mbiri yawo imadziwika, ndipo ena mwa iwo amaima kumbuyo kwa tchalitchi kapena amangosuzumira pa maliro ndi pa maukwati, monga munthu ali mu mkuyu. Mphakati umene umawalandira ndi manong'onong'o umawabwezera komwe achokera. Kuwalandira sikutanthauza kuvomereza zoipa zawo. Yesu sadanene kuti Zakeyo adalibe mlandu. Adanena kuti nayenso ndi mwana wa Abrahamu, ndipo pomukumbutsa za ulemerero umenewu adamupatsa chifukwa chokhalira moyo wina.

Amene wabwezeredwa chake nayenso ali ndi mbali yake. Munthu wobwera ndi envulopu ndi mawu opepesa wadutsa pa nkhondo yaikulu mumtima. Kumulandira mwaulemu, osamulengeza kwa anansi, ndi njira yogwirizana ndi ntchito imene Mzimu Woyera wayamba mwa iye.

Lero

Liwu loti lero likupezeka kawiri m'ndime khumi zimenezi: pamene Yesu akunena za kukakhala kunyumba kwa Zakeyo, ndi pamene akulengeza za chipulumutso. Luka amalikonda liwu limeneli. Likumveka m'mawu a mngelo kwa abusa ku Betelehemu (2:11), m'sunagoge ya ku Nazarete (4:21), ndi pa mtanda, kwa chigawenga cholapa (23:43). Yesu ankangodutsa mu Yeriko pa ulendo wake womaliza wopita ku Yerusalemu, kumene adakapachikidwa patapita masiku ochepa. Zakeyo akadati aganizire kaye, mwayi umenewo ukadamupitirira. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kwa mkhristu, nyumba imene Yesu amalowamo pa Misa iliyonse ndi mtima wa wolandira Ukaristia. Pemphero limene akhristu amanena asanalandire, lochokera pa mawu a mkulu wa asilikali wa ku Kapernao (Mateyo 8:8), limavomereza kuti nyumbayo ndi yosayenera. Ambuye amalowabe, monga adalowera kwa Zakeyo. Funso limatsala kwa mwini nyumba: Mlendoyu akalowa, n'chiyani chimene chiyenera kutuluka kubwerera kwa eni ake?

Mafunso okambirana m'miphakati ndi m'mabanja

1. Awerenge Luka 18:18-27 ndi Luka 19:1-10 motsatizana. Anthu awiri olemerawa akufanana pati, ndipo akusiyana pati?

2. Chifukwa chiyani Zakeyo adalekanitsa zopereka kwa osauka ndi zobwezera amene adawanyenga? Chingachitike n'chiyani mkhristu akasakaniza ziwirizi?

3. Mwa njira zotengera za eni zimene zatchulidwa m'phunziroli, ndi ziti zimene anthu a m'dera lino adazizolowera mpaka kuleka kuziona ngati tchimo? Pokambirana asatchulidwe munthu dzina.

4. Mphakati ungathandize bwanji mayi wamasiye kapena ana amasiye amene alandidwa katundu? Nanga ungasunge bwanji ndalama zake kuti msungichuma asagwe m'mayesero?

5. Kodi pali anthu amene amaopa kufika ku mphakati chifukwa cha mbiri yawo? Angawayendere ndani, ndipo liti?

Chochita sabata ino

Mkhristu aliyense apatule mphindi 15 pamalo a phee, awerengenso nkhani ya Zakeyo, ndipo apemphe Mzimu Woyera kuti amukumbutse dzina limodzi la munthu amene ali naye ngongole ya ndalama, ya katundu kapena ya mbiri. Lisanafike Lamulungu likudzali, achitepo chinthu chimodzi chooneka: kulipira, kubweza, kuimba foni yopangana tsiku, kapena kukaonana ndi wansembe mu Sakramenti la Kulapa.